Chingerezi: yambani ndi kasanjidwe ka mawu

Anzanga a ku Angónia ndi Moatize amene mukuphunzira Chingerezi, musayambe ndi kuloweza mawu ambirimbiri. Yambani ndi kasanjidwe kake. Pa Zóbuè Chichewa chimakuwolotsani, inde, koma mukadutsa pa Cuchamano kulowa m'Zimbabwe, kapena mukamafuna ntchito ku migodi ya malasha, Chingerezi chimafunika.

Chiganizo cha Chingerezi sichiyenda popanda mwininkhani. Kwathu "ndikupita" n'chokwana, ndipo m'Chipwitikizi "vou" n'chokwananso. M'Chingerezi muyenera kumutchula poyera: "I am going". Ngakhale mvula imafuna mwini wake: "It is raining". Mukati "is raining" akumvani ndithu, koma chiganizocho n'chopunduka. Choncho woyamba ndi wochita, kenako mneni, pomaliza chinthucho: "I sell potatoes".

Mawu ofotokoza chinthu amatsogola. Ife timati thumba lalikulu, iwo "big bag".

Povuta kwenikweni ndi pa mafunso. Ife timangokweza mawu kapena kuyamba ndi "kodi", koma iwo kawirikawiri amaika "do" patsogolo: "Do you have change?" Ngati mukufunsa za munthu wina mmodzi, ndi "does", ndipo mneni amataya "s" wake: "He sells maize" imasanduka "Does he sell maize?" Pokana n'chimodzimodzi: "He does not sell maize".

Tengani chiganizo chimodzi chotere, muzingosintha katunduyo, nyemba, tomato, kabichi, mukutchula mokweza mpaka lilime lizolowere.