Momwe mungayendetsere tsiku la maphunziro m'kalasi ya ana a zaka 9 mpaka 12

Mwana wa zaka 10 amawerenga yekha, amatsutsa, ndipo amadziwa msanga ngati mphunzitsi walowa m'kalasi osakonzekera. Akasowa chochita kwa mphindi ziwiri zokha amadzipezera yekha, ndipo kawirikawiri chomwe wapezacho sichikhala chimene inu mumafuna. Ndiye pano ndikufotokozereni, aphunzitsi anzanga, momwe ine ndimayendetsera tsiku langa m'makalasi apamwamba a pulayimale. Za kulemba dongosolo la phunziro sindikambapo, mumazidziwa kale.

Ntchito ikhale pabolodi ana asanalowe

Fikani belu lisanalire, mulembe mafunso anayi kapena asanu pabolodi. Awiri achokere pa zimene munaphunzitsa dzulo, limodzi la sabata yatha, limodzi la mwezi watha. Mwana akalowa, akhale pansi, atsegule kope lake ayambe kuyankha, mabuku ena onse ali chitsekere. Inu nthawi imeneyo mukuitana mayina.

Chifukwa chake n'chakuti mutu wa munthu umataya msanga zimene wangophunzira. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza zimenezi kale mu 1885, kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kumachepa liwiro. Mwana akavutikira kukumbuka yekha, chinthucho chimakhazikika kuposa akangochiwerenganso m'kope. Barak Rosenshine, katswiri wa za maphunziro wa ku America, pa mfundo zake za kaphunzitsidwe zomwe zinatuluka mu 2012, anaika kubwereza za dzulo pa malo oyamba penipeni. Mphindi 5 mpaka 8 zakwana. Mukapitirira pamenepo mwadya nthawi ya phunziro la lero.

Ndinenepo za choko. Pali ogulitsa ena amene amayenda m'masukulu ndi mabokosi a choko chotsika mtengo, koma chouma gwa, chomwe chimangokanda bolodi osaoneka kwa mwana wokhala kumbuyo. Musanalipire, tengani chimodzi cha pansi pa bokosi, osati chapamwamba, mulembe nacho, mupite kumbuyo kwa kalasi mukaone. Ngati akukana kuti muyese, asiyeni apite. Zolembera za pa bolodi loyera nazonso n'chimodzimodzi, zina zimabwera zitauma kale inki.

Phunziro latsopano muligawe tizidutswa

Onetsani chitsanzo chimodzi mukuyankhula mokweza zimene mukuganiza. Chachiwiri muchitire limodzi ndi ana. Chachitatu ayese okha. Musamalize mutu wonse kenako n'kufunsa kuti “mwamva?” chifukwa onse adzati eya, ngakhale amene sanatolepo kanthu.

Mukafunsa funso, dikirani. Mary Budd Rowe, yemwe ankafufuza za kaphunzitsidwe ka sayansi ku America, anapeza cha m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze mwana kapena kudziyankha okha. Akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana ankatalika ndipo ana ambiri ankayesa kuyankha. Masekondi atatu amaoneka ngati chaka ukaima kutsogolo kalasi ili zii, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimawerenga chamumtima mpaka kasanu, ndipo mwana amene sakweza mkono kawirikawiri ndi amene amayamba kusuntha milomo.

Ngati muli ndi masileti, aliyense alembe yankho n'kukweza m'mwamba nthawi imodzi. Mumaona kalasi yonse pakamodzi. Opanda masileti, kuseri kwa kope kumagwira ntchito yomweyo.

Ntchito ya m'magulu: apa ndi pamene ndinagwa

Gawo ili ndilitalikitsa dala, chifukwa linandionongera sabata yathunthu ndipo sindikufuna kuti wina adutse njira yomweyo.

Ndinkaphunzitsa mafulakishoni. Ana ambiri a msinkhu uwu amakhulupirira kuti 1/8 ndi yaikulu kuposa 1/4, poti 8 ndi wamkulu kuposa 4. Maganizo amenewa sachoka ndi kuwauza chabe, amafunika aone ndi maso, agwire ndi manja. Ndiye ndinaganiza zoti adule timizere ta pepala, apinde pawiri, panayi, pasanu n'patatu, kenako ayerekeze zidutswazo. Ganizo linali labwino. Kachitidwe kanga ndi kamene kanalakwika, ndipo kanalakwika patatu.

Choyamba, ndinagawa mapepala ndi masizasi ndisanafotokoze ntchito. Chinthu chikangofika m'manja mwa mwana, makutu amatsekeka. Pamene ndinkati “mvetserani kaye”, ena anali atadula kale pepala lonse, ena akulimbirana sizasi, wina akulira kuti pepala lake lang'ambidwa.

Chachiwiri, magulu anali a ana asanu ndi atatu. Pagulu lotere amagwira ntchito ndi awiri, ena asanu ndi mmodzi amangoonerera kapena kucheza. Mtsikana wina wanzeru kwambiri anachitira gulu lake zonse, anzake n'kungokopera.

Koma cholakwika chachitatu ndi chimene chinandipweteka mtima. Ndinawasiya ana kuti adule okha timizere, osawauza utali wake. Gulu lina linadula timizere tatitali, lina tatifupi. Pamapeto ndinaitana magulu awiri kutsogolo kuti ayerekeze, ndipo 1/4 ya gulu loyamba inali yaitali kuposa 1/2 ya gulu lachiwiri. Mnyamata wina anaimirira n'kunena mosangalala kuti, “Aphunzitsi, mwaona? Nambala yapansi ikakula, chidutswa chimakulanso!” Kalasi yonse inavomereza. Zimene ndinabwera kudzachotsa ndinazikhomera ndekha, ndi umboni woonekeratu pamaso pawo. Tsiku lotsatira, pa mafunso a m'mawa, ana ambiri analemba kuti 1/8 ikuposa 1/4, kuphatikizapo ena amene poyamba ankakhoza. Zinanditengera masiku asanu kuti ndibweze zimenezo, ndipo mnyamata uja sanalakwe ayi, ananena zomwe anaona.

Tsopano ndimachita chonchi.

Timizere ndimadula ndekha dzulo lake, tonse totalika masentimita 24. Nambala imeneyi ndinaisankha chifukwa imagawika bwino ndi 2, 3, 4, 6, 8 ndi 12, ndiye mwana akhoza kutsimikiza ndi rula kuti theka ndi masentimita 12, kota ndi 6, ndipo 1/8 ndi 3. Pepala la A4 m'litali mwake ndi masentimita 29.7, choncho kamzere kamatuluka popanda vuto. Musagule mapepala amitundumitundu odula aja. Mapepala akale olembedwa mbali imodzi amakwana, ana akhoza kupaka okha mitundu. Mukaunjika mapepala asanu n'kudula pamodzi, ntchito ya kalasi yonse imatha musanatope. Ndipo popeza ana amangopinda, masizasi safunikanso m'kalasi tsiku limenelo. Zimenezi zinandipulumutsa ku masizasi aja ogulitsidwa m'mapaketi, omwe amaoneka okongola koma amangotafuna pepala.

Ndisanagawe kanthu, ndimanyamula timizere tiwiri, kamodzi katali kamodzi kafupi, n'kufunsa ngati theka la aka ndi theka la ako zili zofanana. Timakambirana mpaka mwana wina anene yekha kuti sungayerekeze zidutswa ngati zathunthu zake n'zosiyana. Mawu amenewo ndimawalemba pamwamba pa bolodi ndipo amakhala pomwepo sabata yonse.

Kenako malangizo. Asapitirire atatu, alembedwe pabolodi, ndipo mwana mmodzi awabwereze m'mawu akeake. Ngati walephera, sindipitirira, ndimafotokozanso. Zipangizo zimakhala patebulo langa mpaka zimenezi zitatheka. Mmodzi yekha pagulu ndiye amabwera kudzatenga.

Magulu akhale a ana anayi. Ngati kalasi ndi yodzaza moti mabenchi sangasunthe, a benchi lakutsogolo atembenuke kuyang'ana a kumbuyo kwawo, gulu lapangika. Musalole ana kusankhana okha, chifukwa nthawi zonse pamatsala mwana amene palibe wamufuna, ndipo nkhope yake mukaiona simudzaiwala. Musaikenso wanzeru kwambiri pamodzi ndi atatu ovutika kwambiri poganiza kuti awaphunzitsa. Amangowachitira. Sakanizani moyandikana: wamphamvu mmodzi, apakati awiri, wofuna thandizo mmodzi.

Aliyense pagulu ndimamupatsa nambala, 1 mpaka 4, ndi chidutswa chake cha ntchito. Nambala 1 apinda theka, 2 apinda makota, 3 apinda zidutswa zisanu n'zitatu, 4 asunga kamzere kathunthu ndi rula. Palibe angayankhe funso popanda chidutswa cha mnzake. Nzeru yoti ntchito igawidwe motere, kuti aliyense afunike kwa anzake, inatchuka ndi katswiri wa ku America, Elliot Aronson, amene anaiyesa m'masukulu a ku Austin, ku Texas, mu 1971, pofuna kuti ana omwe sankagwirizana ayambe kudalirana. Nthawi yofotokoza ikafika, sindifunsa kuti ndani ayankhulire gulu. Ndimangotchula nambala: “Anambala 3 nonse, imirirani.” Poti sadziwa nambala imene nditchule, wanzeru uja amakakamizika kuonetsetsa kuti anzake amvetsa, m'malo mowalanda pensulo.

Nenani nthawi momveka, mphindi 12 mwachitsanzo, mulembe pabolodi nthawi yomalizira. Inu musakhale pampando. Yendani, mvetserani, ndipo muyambire gulu limene mukulikayikira. Mukhalenso ndi chizindikiro chimodzi choti onse asiye n'kuyang'ana kwa inu, kaya kuomba m'manja katatu kaya kukweza mkono. Chizindikirocho muchiyeserere tsiku lina lopanda zipangizo, osati tsiku lomwe phokoso lakwera kale.

Akabwera kopuma

Ana amabwera thukuta lili kamukamu, mikangano ya kubwalo ili pakamwa. Apa ndimaika kuwerenga chamumtima kwa mphindi 15, aliyense ndi buku lake, inenso langa. Mabuku akachepa, awiri buku limodzi. Pomaliza, aliyense auze mnzake chinthu chimodzi chimene wawerenga, basi.

Maphunziro a masana

Mitu imakhala italemera, ndiye ikani zogwiragwira: sayansi, kujambula mapu, zaluso. Kathumba kapulasitiki koonekera, kokhala ndi madzi pang'ono, komangidwa bwino n'kumatidwa pazenera pomwe pamafika dzuwa, kamaonetsa madzi akusanduka nthunzi n'kubwereranso ngati madontho. Ana ajambule zomwe aona lero ndi mawa. Malamulo ake ndi omwe aja a magulu.

Mphindi zisanu zomaliza

Funso limodzi pa kapepala, aliyense apereke pakhomo potuluka. Musachonge ndi cholembera chofiira, ingoikani milu iwiri, okhoza ndi olakwa. Mulu wa olakwa ukakula kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu a kalasi, mutuwo muubwereze mawa musanapite patsogolo. Mafunso a m'mawa a tsiku lotsatira mutenge m'mapepala omwewo. Ntchito yokachitira kunyumba ikhale yochepa, ya zinthu zomwe akudziwa kale. Osesa ndi opukuta bolodi mayina awo akhale pakhoma kuyambira Lolemba.