Mmene mungatsatire mbiri ya bwalo la FNB ku Johannesburg

Yambani ndi dzina, chifukwa ambiri amasokonezeka pomwepa. Mukamafufuza za World Cup ya 2010 pa intaneti, lembani Soccer City, dzina lomwe bwaloli linkadziwika nalo pa mpikisanowo, poti FNB ndi dzina la banki ndipo FIFA silola mayina a makampani othandiza pa mabwalo ake. Kenako ndandalikani zaka: bwaloli linatsegulidwa mu 1989, Nelson Mandela anayankhulapo mu February 1990 atangotuluka m'ndende, ndipo mu 1996 Bafana Bafana inagonjetsa Tunisia 2-0 n'kutenga chikho cha Africa.

Zithunzi musazisakanize. Chipupa chakunja chooneka ngati chipanda chija ndi chatsopano, chinabwera pokonzekera 2010. Mukafika ku Nasrec, dera lomwe kuli bwaloli, chizungulireni pang'onopang'ono muwerenge mizere 10 yoimirira: 9 ikuloza mabwalo ena a mpikisanowo, wotsalawo ukuloza ku Berlin, kumene kunachitikira fainolo ya 2006.