Munthu Wina Watenga Ngongole M'dzina Lanu ku South Africa: Zoyenera Kuchita

Funso: Banki yandikaniza ngongole ku Johannesburg chifukwa cha akaunti ya m'sitolo yomwe sindinatsegule. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kutenga lipoti la ngongole zanu ku TransUnion, Experian ndi XDS, mabungwe omwe amasunga mbiri ya ngongole za anthu. Lamulo la National Credit Act la 2005 limakupatsani lipoti limodzi laulere pachaka ku bungwe lililonse. Onani onse, chifukwa akaunti yabodza ikhoza kupezeka kumodzi kwina kulibe.

Kenako pitani kupolisi mukalembe chikalata cholumbira kuti ngongoleyo si yanu, ndipo mutenge nambala ya mlandu. Kope ya chikalatacho muitumize ku sitoloyo, mupemphenso kuti akuonetseni pangano lomwe akuti munasaina.

Apa mpomwe ambiri amaphonya: amangoimba foni n'kukhala phee. Dandaulo lanu ku bungwe la malipoti lilembedwe, muphatikizepo kope ya pasipoti kapena ID, ndipo musunge nambala ya dandauloyo. Bungwelo lili ndi masiku 20 ogwira ntchito kuti lifufuze. Likapanda kupeza umboni wodalirika, liyenera kufufuta akauntiyo. Musalipire ngakhale randi imodzi pofuna kuti okhometsa ngongole asiye kukuvutitsani, chifukwa adzati mwavomereza kuti ngongoleyo ndi yanu.

Lembetsaninso dzina lanu kwaulere ku SAFPS (Southern African Fraud Prevention Service), bungwe lothandiza kupewa chinyengo, kuti mabanki azifunsitsa kaye wina akabwera ndi mapepala anu.

Masiku 20 akatha zinthu zisanakonzedwe, kadandauleni ku National Financial Ombud, ofesi yomva madandaulo a za ngongole ndi mabanki, komwenso salipiritsa.