Kukadya kudoko n'kubwerako tsiku lomwelo

Ine ndimalawira kudakali mdima, chifukwa asodzi amakocheza m'mamawa ndipo nsomba zabwino zimatha dzuwa lisanakwere. Mukafika, musathamangire malo odyera owala oyang'ana kunyanja. Yambani mwazungulira pamsika wa nsomba. Yatsopano imakhala ndi maso owala, zopumira zofiira, ndipo mnofu wake mukaudina ndi chala umabwerera msanga.

Kenako suzumirani kumene akudya anthu otsitsa katundu m'sitima. Pomwe pali mzere komanso chakudya chikuchoka pamoto, khalani pomwepo. Itanitsani pang'ono, mbale imodzi anthu awiri. Ndinakhutirapo pamalo oyamba ine, masana onse n'kumangomeza malovu! Nkhono zosaphika ndimazilambalala kukatentha. Ndalama tengani zapamanja, ndipo funsiranitu nthawi yomwe basi yomaliza imanyamuka.