Musanagule antena yaikulu ya sikana yanu

Ngati muli ku America ndipo mumagwiritsa ntchito sikana (wailesi yofufuza ndi kukoka mauthenga a mawailesi ena) kumvera mawailesi a apolisi ndi ozimitsa moto pa P25 (njira ya digito yolumikizirana pa wailesi), yambani mwafufuza ngati dera lanu lili pa simulcast. Pamenepo nsanja zingapo zimaulutsa mawu amodzimodzi pa frequency imodzi nthawi imodzi, ndipo sikana zakale zimangotulutsa mawu odukaduka. Ambiri amathamangira antena yaikulu, koma imakoka nsanja zonse n'kukulitsa vuto. Yesani yaing'ono, kapena Yagi (antena yokoka kuchokera mbali imodzi) yoloza nsanja imodzi. Zikakanika, sikana ya Uniden SDS100 anaipanga kuti ithane ndi vuto lomweli, pomwe RTL-SDR (kachipangizo kokoka mawailesi kolumikiza pa kompyuta) pamodzi ndi pulogalamu ya SDRTrunk ndi njira yotsika mtengo. Control channel (frequency yomwe imauza sikana komwe kukambirana kulikonse kuli) muilembe molondola mu sikana, apo ayi simumva kanthu. Talkgroup (gulu la olankhulana pa wailesi) yotsekedwa ndi encryption (kubisa mawu kuti ena asamve) ingoisiyani, sikana siingaitsegule.