Kukacheza ku Maastricht kuchokera ku Dedza kapena ku Ntcheu

Munthu amene anazolowera msika wa ku Lizulu, kumene umagula kachewere mbali ya Malawi n'kungodumpha msewu wa M1 kukagula zina mbali ya Mozambique, sangavutike kuumvetsa mzinda wa Maastricht. Mzindawu uli kumwera kwenikweni kwa dziko la Netherlands, m'chigawo cha Limburg, chomwe chinapanikizika pakati pa Belgium ndi Germany, ndipo mtsinje wa Maas unaudula pakati.

Yambani ndi viza ya Schengen (viza imodzi yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya), imene mungaifunsire kutatsala miyezi yosapitirira isanu ndi umodzi kuti munyamuke, ndipo pamafunika inshulansi ya zaumoyo yosachepera ma euro 30,000. Viza yomweyo idzakulolani kulowanso mu Belgium ndi Germany. Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu mudzadzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa, ndipo mukatera ku Amsterdam, sitima imatenga pafupifupi maola awiri ndi theka kuti ikufikitseni ku Maastricht.

Mukatsika sitima musafunefune galimoto, chifukwa mzindawu ndi woyenda pansi. Dutsani m'dera la Wyck mpaka pa mlatho wamiyala wa Sint Servaasbrug, umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1200, ndipo mukawoloka mwalowa mu mzinda wakale. Chenjerani ndi tinjira tofiira ta m'mbali mwa misewu, pakuti n'ta njinga, ndipo okwera njinga kumeneko sayembekezera kuti woyenda pansi angaime pamenepo monga timachitira ndi akabaza kuno kwathu.

Pabwalo la Vrijthof pali matchalitchi awiri oyandikana: la Akatolika la Sint Servaas, momwe muli manda a bishopu Servatius, ndi la Sint Jan, la Apulotesitanti, lodziwika ndi nsanja yake yofiira. Pafupi pomwepo pali tchalitchi lakale la ansembe a Dominican limene analisandutsa sitolo yogulitsa mabuku. Ena a ife zimenezi zingatidodometse, koma lowani ndithu, mukwere pamwamba pa mashelefu kuti muone bwino denga lake. Kenako pitani ku Helpoort, chipata cha mpanda wakale cha m'ma 1230, chomwe ndi chakale kwambiri mwa zipata za mizinda zimene zidakalipo m'dzikolo.

Malo amene ine ndingakulangizeni kuwapatsa theka la tsiku ndi phiri la Sint Pietersberg. Kwa ife amene timadzuka n'kuona phiri la Dedza, lotalika mamita pafupifupi 2,200, limeneli n'kachitunda chabe, ndipo ngakhale Vaalserberg, malo okwera kuposa onse a Netherlands ku Ulaya, kumene malire a mayiko atatu amakumana, ndi mamita 322 okha. Koma chodabwitsa chili pansi pa nthaka. Kwa zaka mazana ambiri anthu ankasema miyala yofewa yomangira nyumba m'kati mwa phirili mpaka kusiya njira zambirimbiri zolukanalukana, momwe anapezamo mafupa a chilombo chakale cha m'nyanja chotchedwa Mosasaurus, dzina lochokera ku mtsinje wa Maas. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anthu ankabisalamo, ndipo zithunzi zojambula zamtengo wapatali za dzikolo anazisungamo. Mumalowa ndi wokutsogolerani basi, choncho gulirani tikiti pa intaneti, ndipo tengani juzi imene mumavala mu Juni, chifukwa m'katimo mumazizira chaka chonse.

Lachitatu ndi Lachisanu kumakhala msika pabwalo la Markt, ngakhale kuti kunenerera mtengo sikofala. Lawani vlaai, keke yafulati yokhala ndi zipatso pamwamba, komanso zuurvlees, nyama yamsuzi wowawasa pang'ono imene amadyera tchipisi.

Sankhani bwino nthawi. Masiku atatu Lachitatu la Phulusa lisanafike, mzinda wonse umakhala pa chikondwerero cha carnaval, ndipo masitolo ambiri amatseka. Mu Malichi kumakhala chionetsero cha zaluso cha TEFAF, pomwe mu Julayi katswiri woimba vayolini André Rieu amaimba pa Vrijthof, ndipo nthawi zonsezi malo ogona amadula ndiponso amadzaza msanga. Tsiku likatsalako, kwerani sitima ya ku Liège ku Belgium, ulendo wa pafupifupi theka la ola, koma pasipoti ikhale m'thumba ngakhale pamalire palibe chipata. Pangano limene linabala ndalama ya euro, yomwe mudzalipire mbali zonse ziwiri, linasainidwa mu Maastricht momwemo pa 7 Febuluwale 1992.