Ulendo wa ku Calais kuchokera ku UK: mapepala, zogula ndi magombe

Anzathu a pasipoti ya ku Britain akamati anyamuka m'mawa kupita ku Calais n'kubwerako madzulo galimoto itadzaza katundu, sakunama. Sitima ya pamadzi yochokera ku Dover imayenda pafupifupi mphindi 90, ndipo LeShuttle, sitima ya panjanji yonyamula magalimoto yodutsa pansi pa nyanja kuchokera ku Folkestone, imangoyenda mphindi 35. Koma kwa munthu wa pasipoti ya Malawi ulendowu umayamba kutatsala milungu ingapo, chifukwa Calais ili ku France, ndipo chilolezo chanu chokhala ku UK sichigwira ntchito kumeneko.

Mufunika viza ya Schengen, yolowera m'gulu la mayiko a ku Ulaya momwe muli France, ngakhale mukupita kwa tsiku limodzi lokha. Fomu imadzazidwa pa webusaiti ya France-Visas, kenako mumapangana tsiku ndi a TLScontact, kampani yolandira mapepala a viza ya France, omwe ali ndi maofesi ku London, Manchester ndi Edinburgh, kuti mukapereke mapepala ndi kudinda zala. Munthu wamkulu amalipira €90, n'kuwonjezerapo ndalama ina ya ofesi yolandira mapepalayo. Pasipoti ikhale yotuluka m'zaka 10 zapitazi, yokhala ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo ikhale ikugwirabe ntchito kwa miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke mu France. Amafunanso inshulansi ya paulendo yotha kulipira chipatala mpaka €30,000, tikiti yopita ndi yobwerera, masitetimenti a ku banki, kalata ya kuntchito kapena kusukulu, ndi umboni wa eVisa yanu, chilolezo chokhala ku UK chosungidwa pa intaneti. Yankho limabwera m'masiku 15, koma nthawi zina limafika masiku 45. Chimene chimachedwetsa anthu kwambiri ndi kusowa kwa tsiku lokaonana nawo, makamaka chilimwe chikayandikira, choncho yambani msanga. Malamulo amalola kupempha kutatsala miyezi 6.

Pali anthu amene sayenera kuyesa n'komwe. Ngati munapereka pempho lowonjezera viza yanu ku Home Office ndipo yankho silinabwere, mukatuluka kupita ku France pempholo limatengedwa ngati mwalichotsa nokha. Ngati viza yakale inatha, mudzaima ku Calais wopanda chilolezo chobwererera kunyumba kwanu, ndalama ya pempho itapita kale. Dikirani yankho. Ndipo ngati munasintha pasipoti posachedwa, ikani nambala yatsopanoyo mu akaunti yanu ya UKVI, nthambi ya Home Office yoona za ma viza, musananyamuke, apo ayi eVisa siioneka pa kompyuta ya pachipata.

Chipata cha pano n'chosiyana ndi cha pa bwalo la ndege. Apolisi a ku France amaona pasipoti yanu mudakali ku Dover kapena ku Folkestone, ndipo a Border Force ya ku UK amakuonani mudakali ku France pobwerera. Kuyambira pa 12 October 2025 mayiko a Schengen anayamba kugwiritsa ntchito njira ya EES, yojambula nkhope ndi zala za alendo, ndipo imakhudzanso a pasipoti ya ku Britain. Onjezani nthawi pa imene kampani yakuuzani kuti mufike.

Pa Dover ndi Calais pamayenda sitima za P&O Ferries, DFDS ndi Irish Ferries. Wopanda galimoto afunse kaye asanagule tikiti, chifukwa si sitima zonse zimene zimatenga oyenda pansi, ndipo LeShuttle satenga n'komwe. Eurostar, sitima ya panjanji yonyamula anthu kuchokera ku London, inasiya kuima pa siteshoni ya Calais-Fréthun mu 2020. Mukangofika m'tauni, mabasi a kumeneko ndi aulere kuyambira kumapeto kwa 2019. France ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo nthawi yobwerera yolembedwa pa tikiti ndi ya ku France.

Woyendetsa galimoto atenge laisensi, buku la galimoto la V5C ndi pepala la inshulansi. Pa nambala pakhale chizindikiro cha UK kapena mumate sitika yake, ndipo m'galimoto mukhale chovala chonyezimira ndi thirayango, komanso timapepala tomata pa magetsi akutsogolo kuti asathobwe anzanu m'maso. Kumeneko amayenda kumanja. Ngozi sizichitika kawirikawiri potuluka padoko, pomwe aliyense amakhala tcheru, koma potuluka pa malo oimika galimoto kapena pa filing'i sitesheni, pamene dzanja limabwerera ku chizolowezi. Liwiro amawerenga m'makilomita: 130 pa msewu waukulu, 110 kukamagwa mvula, 80 m'misewu yambiri ya kumidzi, 50 m'tauni. Pa pampu, dizilo amalemba Gazole, petulo SP95 kapena SP98. Mulingo wa mowa wololedwa kwa woyendetsa ndi wotsika kuposa wa ku England, ndiye amene wagwira chiwongolero asalawe.

Ogula ambiri amapita ku Cité Europe, malo aakulu a masitolo amene anatsegulidwa mu 1995 ku Coquelles, pafupi ndi pokwerera LeShuttle. Muli supamaketi yaikulu ya Carrefour, ndipo chapafupi pali Channel Outlet Store ya zovala ndi nsapato zotsitsidwa mitengo. Lamlungu masitolo ambiri amatseka, ena amatsegula m'mawa mokha, choncho ulendo wogula ukhale wa pakati pa sabata kapena Loweruka. Mitengo imatsika kwambiri pa nyengo ziwiri zimene boma limaika, za milungu inayi iliyonse: ina imayamba mu January, ina kumapeto kwa June.

Tinene zoona, si zonse zotsika mtengo. Vinyo, khofi, sopo, mafuta odzola ndi mapoto ndiye zimapindulitsa. Zamagetsi ndi zovala za masiku onse sizisiyana kwenikweni ndi za ku UK, ndipo zamagetsizo zimabwera ndi pulagi ya mano awiri. Munthu amene samwa mowa akawerengera viza, inshulansi, tikiti ndi mafuta, aona kuti zogula pazokha sizibweza ndalama ya ulendo woyamba. Phindu limabwera akakupatsani viza yolowa kangapo. Makina olipirira akakufunsani kuti mulipire mu mapaundi kapena mu ma euro, sankhani ma euro, poti mtengo wosinthira wa makinawo umakhala wokudyerani.

Popeza mumakhala kunja kwa EU, mungathe kubwezeredwa gawo la msonkho wa VAT pa katundu woposa €100 wogulidwa m'sitolo imodzi. Pemphani fomu yobwezera msonkho yotchedwa détaxe polipira, pasipoti ili m'manja, ndipo musanakwere sitima muisikane pa makina otchedwa PABLO padoko kapena pokwerera LeShuttle. Mukaoloka musanasikane, ndalamayo kuipeza n'kovuta. Sabweza VAT yonse ya 20% chifukwa kampani yoyendetsa ntchitoyi imadulapo yake, ndipo pa zakudya zambiri msonkho wake ndi 5.5% yokha, moti palibe phindu kuimira zimenezi pamzere.

Tsopano malire a zimene mungalowe nazo ku Britain osalipira msonkho. Munthu mmodzi amaloledwa malita 42 a mowa wa biya, malita 18 a vinyo wosachita thovu, kuphatikizapo malita 4 a mowa waukali kapena malita 9 a vinyo wathovu. Ndudu 200 kapena magalamu 250 a fodya. Ndi katundu wina wosapitirira £390. Mulingowu ndi wa munthu payekha, simungauphatikize ndi wa akunyumba kwanu kuti mugule chinthu chimodzi chodula, ndipo ana osakwana zaka 17 alibe gawo la mowa kapena fodya. Mukapitirira, mumalipira msonkho pa katundu yense wa gulu limenelo, osati pa wopitirira yekha: malita 19 a vinyo ndiye kuti mulipirira onse 19. Katunduyo akhale wanu kapena wa mphatso. Chizolowezi chathu chotumana, choti wina akupatsani ndalama kuti mumugulireko makatoni awiri, a Border Force amachitenga ngati malonda, ndipo angathe kulanda katundu pamodzi ndi galimoto.

Kuyambira pa 12 April 2025 n'koletsedwa kulowa ku Britain ndi nyama ya ng'ombe, nkhumba, mbuzi kapena nkhosa, komanso mkaka ndi tchizi, zochokera ku EU, pofuna kupewa matenda a ziweto a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ngakhale sangweji ya hamu imalowa m'gulu lomweli, ndipo ku England chindapusa chingafike £5,000. Chokoleti, buledi ndi mabisiketi zilibe vuto. Onani pa GOV.UK musanagule ngati lamuloli lasintha. Popita nakonso, nyama ndi za mkaka zochokera ku Britain siziloledwa kulowa mu EU, ndiye kamba wa nkhuku yokazinga adyedwe musanafike pachipata.

Gombe la Calais lili m'tauni momwemo, la mchenga, lotakasuka, ndipo sitima zimadutsa pafupi. Pomwepo pali chinjoka chachikulu cha makina, Dragon de Calais, chimene chakhala chikunyamula anthu kuyambira 2019, ana amachikonda. Koma malo okongola ali kumadzulo, potsata msewu wa D940: Blériot-Plage, Sangatte, kenako Cap Blanc-Nez, phiri la miyala yoyera lotalika mamita oposa 130, pomwe kukayera mumaona gombe la Dover. Kupitirira apo kuli Wissant ndi Cap Gris-Nez.

Amene tinakulira kusamba ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay timadziwa madzi okhala pamalo amodzi tsiku lonse. Nyanja ya ku Calais imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, ndipo mchenga umene mwayendapo masana ukhoza kumira m'maola ochepa. Pansi pa Cap Blanc-Nez madzi akabwera palibe kothawira, ndipo miyala imagumuka kuchokera pamwamba. Onani ndandanda ya nthawi yophwa ndi kudzaza kwa nyanja yomwe amaika polowera kugombe. Sambani pokhapo pakati pa mbendera zokhala ndi mitundu iwiri, wofiira ndi wachikasu. Mbendera yofiira yokhayokha ndiye kuti kusamba n'koletsedwa. Opulumutsa anthu amapezeka makamaka mu July ndi August, ndipo madzi amazizira ngakhale nthawi imeneyo. Pa ngozi imbani 112, kapena 196 ikakhala ya panyanja.

Pobwerera, kiyani zitseko ndi buti paliponse pamene mwaima, ndipo musanalowe padoko yang'anani mkati, makamaka ngati muli pa vani. Ku Calais kuli anthu ambiri ofuna kuoloka mobisala, ndipo woyendetsa akapezeka ndi munthu wotero angathe kulipitsidwa mpaka £10,000 pa munthu mmodzi ngakhale sanadziwe. Musakweze munthu amene simukumudziwa kapena kunyamula chikwama cha wina, angadandaule chotani. Mlandu wotere umakhudzanso viza yanu. Malisiti onse akhale m'thumba limodzi ndi pasipoti, osati pansi pa makatoni.